Kansalu Kofiira pa Handulo

Panali munthu wina dzina lake Tahiru, wa ku Ntaja, amene kumudzi ankapalasa kabaza. Anabwera ku Doha kudzera mwa Che Anwari, bambo wachikulire amene wakhala zaka zambiri akulondera mafulati ku Al Nasr. Nkhaniyi ndi yoona. Ine za m'maluwa sinditumiza, ndipo chochitika pakati pa Amalawi kuno chimayamba chafika kwa ine.

Che Anwari sanamuitane wamba. Tahiru ankafuna kukwatira Nuriya, mwana wa mchemwali wawo, ndipo kwathu mawu omaliza amakhala a malume. Iwo anati, "Abwere ndimuone kaye khalidwe. Ndikakhutira, ndiimba kumudzi, ukwati uchitike."

Anamupezera ntchito pa lesitilanti ina ku Bin Mahmoud, yokasiya chakudya kwa makasitomala. Kumeneko anamupatsa sikuta, tinjinga ta magetsi tija toyenda mwakachetechete ngati mphaka. Abwana ake anamuuza kuti mumsewu waukulu asalowemo, magalimoto akuno angamupere. Azidutsa m'kanjira ka njinga zakapalasa, koma modekha, chifukwa eni kanjirako ndi opalasa.

Tsiku loyamba Che Anwari anang'amba kansalu kofiira n'kumangirira pa handulo yakumanja ya sikutayo.

"Amalume, mwayamba liti zithumwa?" anatero Tahiru akuseka.

"Kuno amayenda kumanja, osati kumanzere ngati kwathu. Mutu umadziwa, koma manja ndi amene amaiwala. Mukakumana ndi munthu mwadzidzidzi, thawirani kumene kuli nsaluku."

"Ine ndanyamulapo mayi woyembekezera ndi thumba la chimanga pa njinga imodzi, kutsetsereka chitunda cha Machinga osakhudza buleki. Ndiye kanjinga ka ana aka kandivute?"

"Pa njinga yanga kalipo mpaka lero," anatero Che Anwari, n'kumapita.

Tahiru atafika kuntchito, mnzake Macfussy anamuseka. "Ayise, wakongoletsa njinga ngati ya mkwatibwi. Mabaluni tikugulire?" Pompo Tahiru anamasula kansalu kaja n'kuponya m'thumba.

Ntchito yakeyo sipuma. Foni kulira, oda. Asanafike, ina. Abwana pakhomo kumufulumizitsa m'Chiluya, "Yalla, yalla!" Kasitomala naye kuimba kuti njala yamupha. Tahiru anayamba kuthamanga m'kanjira kaja ngati akulimbirana pasenjala pa siteji. Belu lilipo, koma iye ankangoimba likhweru ngati ali pa Liwonde. Opalasa ankangodzidzimuka mphepo yawadutsa pakhutu. Mayi wina wa ku Philippines anatsala pang'ono kugwera m'maluwa, iye osacheuka n'komwe. Akapupuluma, sikuta inkadzipendekera yokha kumanzere, iye n'kuibweza, n'kumadzitama kuti wazolowera.

Lachisanu lina, anthu atangotuluka kumzikiti ku mapemphero a Juma, maoda anachuluka. Dzuwa likuswa mtengo, thukuta likulowa m'maso, kumsana wabereka bokosi la mpunga wa biriyani, foni ikungolira. Panali pakona pena pamene omanga nyumba anatchinga ndi malata, moti zakutsogolo sizinkaoneka. Tahiru sanachepetse. Analowa pakonapo ali pakati penipeni pa kanjira.

Kutsogolo kunatulukira njinga yakapalasa. Wopalasayo anachita zimene wakhala akuchita zaka zonse kuno, anathawira kumanja kwake. Manja a Tahiru anakumbuka kwa Ntaja, anakhotera kumanzere. Anthu awiri oyang'anizana akatero, ndiye kuti athawira malo amodzi.

Phu! Mpunga mbwee pansi.

Tahiru anadzuka milomo itachucha magazi, n'kuyamba kukalipa kuti anthu ena amapalasa akugona. Kenako maso ake anagwera pa handulo ya njinga ija. Kumanja kwake kunali kansalu kofiira, kakale, kosuluka ndi dzuwa. Pambali pake panagona Che Anwari, mkanjo wawo woyera uli fumbi lokhalokha, mwendo utapindika moti munthu sungayang'ane kawiri.

Kuchipatala anawaika zitsulo m'ntchafu. Tahiru anapita kukawaona atanyamula maolenji, akungoyendayenda pakhonde, kulowa akuopa. Atalowa, Che Anwari sanamukalipire.

"Kansalu kaja kali kuti?"

Tahiru anapisa m'thumba n'kukatulutsa, kali bii. Masiku onsewo ankapukutira thukuta pa galasi la foni.

Nthawi yomweyo foni ya Che Anwari inalira. Anali mchemwali wawo, mayi ake a Nuriya, akuimba kuchokera kumudzi. Atawapepesa za mwendo, mayiwo anafunsa, "Nanga achimwene, mkamwini uja mwamuona bwanji? Kuno anthu akufunsa tsiku."

"Ndamuona pafupi kwambiri, chemwali," anatero Che Anwari akumuyang'ana Tahiru. "Mphamvu ali nazo, ntchito amagwira. Koma Nuriya ndi mwana woyenda modekha, ndipo uyu kupatsana njira sakudziwa. Akuuzidwa chinthu maso ndi maso, iye n'kukaika m'thumba. M'nyumba imodzi adzamugunda mwana wathu. Auzeni anthu kuti tsiku palibe."

Tahiru anasiya maolenji aja pampando n'kutuluka, foni yake ikulirabe m'thumba.

Phunziro: Ukaloledwa kudutsa m'kanjira ka eni ake, yenda ngati mlendo. Sikuta anailowetsa m'njira ya njinga kuti ipulumuke kwa magalimoto, osati kuti iyo isanduke galimoto kwa opalasa. Ukatswiri wa kwanu usiye pa bwalo la ndege, kuno khala kumanja, chepetsa pakona, liza belu, ndipo wamkulu akakumangira kansalu usachite nako manyazi. Ine ndaona ambiri akubwera ndi matama n'kubwerera ndi ndodo, ndiye ndikalankhula muzimva. Tumizani kumagulupu onse, makamaka kwa achimwene athu okasiya maoda amene angofika kumene.