Mwendo wa Bwana Ndikudziwa

Muwodi yathu ya odwala korona munali bambo ena amene tinkangowatchula Bwana Ndikudziwa. Dokotala atawauza kuti magazi aundana m'mwendo mwawo, ndipo akhoza kukatseka m'mapapo mtima n'kuima, anaseka.

"Anesi," anandiuza, "mwendowu ndi wanga. Majakisoni anu a pamimbawo kabayeni amuna anu."

Mankhwala awo anali kuusisita ndi mafuta. Nzeru zawo zimenezo!

Usiku wina ndikuchokera kokatenga mankhwala, ndinawapeza pakhonde akuyenda opanda nsapato, munthu woti kungonyamula kapu ankachita befu.

"Adokotala athu, mwadzitulutsa nokha? Tiyeni kubedi!"

"Mtima wasiya kundivuta," anatero. "Ndinakuuzani."

Sankatsokomola, ndipo wefuwefu uja panalibe. Ndinawagwira pamkono n'kuwakoka ngati mwana, zala zanga zikufufuza mtsempha mwachizolowezi. Panali zii, sunkagunda.

Nditakankha chitseko cha wodi, ndinaona nesi mnzanga atagwada pabedi lawo, akupsinja chifuwa cha munthu. Mwendo wotupa uja unali lende m'mbali, ukunyezimira mafuta.

Kumbuyo kwanga, zala zozizira zinatembenuza mkono wanga n'kuyamba kufufuza mtsempha.