Nsapato za Kampani

A Elias, kochi wa timu ya kampani ya shuga, anatsamiritsa njinga pa mtengo wa nimu, n'kumasula chikwanje chimene anamangirira pa kaliyala.

Kalioti, wosewera wa timuyo, anali pakhonde, mwendo wake wothyoka atauwongolera pa mpando. Ankapaka nsapato zake za mpira mafuta a ng'ombe ogula ku Ngabu, monga ankachitira tsiku ndi tsiku chitulukireni m'chipatala, kuti chikopa chisang'ambike ndi kutentha.

"Akuti Lolemba ukayambe kudula nzimbe," anatero a Elias, maso ali pansi. "Ntchito ya mu sitolo ija ndi ya osewera okha. Ukudziwa kale."

"Akochi, bondo layamba kupindika. Taonani."

Anayesa kulipinda. Linakana. Thukuta linatsetsereka m'khosi mwake, uku phulusa la nzimbe zootchedwa likugwera pabwalo pang'onopang'ono. Mkazi wake Esinala anaima pakhomo atamanga nsalu ya chipani.

Kalioti anakumbukira tsiku limene anachinya timu ya ku Blantyre zigoli ziwiri. Odula nzimbe anamunyamula pamapewa mpaka kumsika, ndipo malaya ake oyera anada bii ndi mwaye wa m'manja mwawo.

A Elias anaika chikwanje pafupi ndi phazi la Kalioti, natambasula dzanja.

"Nsapatozo ndi za kampani, mphwanga."

Atazilandira anazitembenuza, nadina chikopa ndi chala.

"Wazisamala bwino, zafewa," anatero. "Mnzako Goodwell akazivala Loweruka sizikamupweteka."