Tambala Wadongo

Nkhuku yamoyo sinkaloledwanso kutuluka m'mudzi mwake. Kachilombo ka chitopa kankasintha nthawi zonse kakalowa mu nkhuku zachilendo, ndipo kanali kataphunzira kugwira anthu.

Koma chinkhoswe cha Kambani sichikanatheka popanda ankhoswe kusinthana tambala ndi msoti. Mayi ake, a Nachisale, anaumba tambala wadongo, n'kumuwotcha pamodzi ndi mbiya, n'kumuika mchira wa nsanza zofiira.

"Mlongo, mundichititsa manyazi," anadandaula a Gomani, amalume a mnyamatayo. "Tambala wosalira ngwantchito yanji?"

"Pitani, achimwene. Akakamukana mubwere naye, ndizitsekera chitseko."

Atafika kuchikazi, nkhoswe ya mtsikana inamutembenuza tambalayo uku ndi uku, n'kumugogoda ndi chala. Kenako mkuluyo anapisa dzanja m'dengu lake, n'kutulutsa msoti wosema, mwendo umodzi waufupi.

Onse awiri anaphulika nako kuseka, azimayi n'kuyamba nthungululu.

"Tamulandira," inatero nkhosweyo. "Tambala ameneyu sayenda m'makola a eni, ndiye sabwera ndi matenda pakhomo. Mkamwini wathu atengere yemweyu."