Mlendo Wofuna a Katekisiti

A Hopeson anafika ku tchalitchi mame asanaume. Munalibe munthu. Anakhala pa benchi lomaliza, nakhazika chipewa pa bondo. Linali tchalitchi laling'ono la kufupi ndi Kabudula, kumene wansembe amabwera kamodzi pa mwezi, Masabata enawo katekisiti n'kumatsogolera mapemphero.

Panali patatha miyezi iwiri chiikire akazi awo, a Getrude. Anthu anabwera, anaimba, anagona pa siwa, kenako aliyense anabwerera ku munda wake. Austin, mwana wawo yekhayo, anakwera basi ya ku Joni maliro atangotha, ndipo foni yake tsopano inkangolira osayankhidwa. Fodya amene anaokera limodzi ndi a Getrude anang'ambidwa ndi matalala sabata imene ankati ayambe kuthyola. Masiku ena dzuwa linkalowa asanalankhule ndi munthu.

Amene sankawasiya okha anali maganizo. Akamva amayi akuseka pa mjigo, ankati akuseka iwo. Munthu akawapatsa moni, ankati n'chisoni chabe. Akawadutsa osalankhula, ankati ayi, wayamba kuwanyoza. Ngakhale popemphera, mumtima munkangomveka kuti Mulungu ali ndi ana ake enieni, ndipo iwo sali m'gulumo.

Anayang'ana kutsogolo, pa tebulo la nsalu yoyera pamene pamakhala Buku Loyera. Ankadziwa kuti lero ulaliki ukhalanso wa chiyembekezo. Munthu amene amaima pamenepo, anatero mumtima, ndi wabodza. Amauza anzake kuti alimbe mtima pamene wake unafooka kale. Sakanapirira kumvanso mawu otere akumveka m'tchalitchimo. Anatsimikiza zopumula pang'ono, kenako n'kuzemba anthu asanachuluke, osadzapondanso pakhomopo.

Ali m'maganizo choncho, munalowa mayi wina amene sanamuonepo, mwana ali kumsana, masilipasi ali m'manja. Anagwada pang'ono, nakhala pa benchi la mbali ya amayi moyang'anizana nawo. Moni wake unali wa kummwera. Anati dzina lake ndi Ezeliya, kwawo ndi ku Phalombe, ndipo anabwera ndi mwamuna wake kudzagwira utenanti pa esiteti ina ya fodya cha ku Nsaru. Mwamunayo anachoka mu Januwale kuti akukafuna ntchito ku Kasungu, ndipo sanamvekenso.

"Kodi a katekisiti afika, bambo?"

"Kaya ngati aime lero," anayankha a Hopeson. "Munthuyo watopa."

Mayiyo anati palibe kanthu, adikira. Ndipo monga amachitira munthu amene wakhala nthawi yaitali wopanda womumvetsera, anayamba kufotokoza osafunsidwa. Mwezi wathawu, atatheratu nzeru, anakagula poizoni wa tameki pa msika wa Nsaru n'kumumanga pa nsonga ya chitenje, kungodikira kuti mwana agone. Madzulo omwewo kunabwera mnansi wake, Zione, amene amapemphera pa tchalitchi lino, kudzapempha moto. Zione sankadziwa kanthu. Pocheza anangotchula zimene a katekisiti analalikira Sabata imeneyo: kuti munthu akadzuka m'mawa, maganizo asanayambe kumukumbutsa zimene zinamuthawa, atchule chinthu chimodzi chokha chimene Mulungu wamusiyira, n'kuthokoza.

"Tsiku loyamba ndinasowa chotchula, bambo. Kenako mwanayu anatsokomola. Ndinati, Ambuye, akutsokomola, ndiye kuti ali moyo. Zikomo."

Mawa lake anathokoza kuti mvula inadontha nyumba yonse koma inasiya pakona pamene amagona. Tsiku lachitatu anathokoza nkhwani zimene zinamera zokha kuseri kwa chigafa. Sabata itatha, anakataya tameki uja m'chimbudzi. Mwamuna sanabwerebe, anatero Ezeliya, ufa ukuvutabe, maganizo aja amabwerabe, koma tsopano akafika amapeza iye wayamba kale kulankhula ndi Mulungu.

"Ndanyamuka tambala atangolira kuti ndidzangowaona nkhope. Akapanda kubwera, ndidzabweranso Sabata ya mawa."

Malangizo amenewo a Hopeson ankawadziwa bwino lomwe, koma anali asanawayesepo ngakhale tsiku limodzi. Anatsinzina. Poyamba kunabwera manda a Getrude, kenako masamba ong'ambika aja, kenako foni yolira yokha. Sanalimbane nazo. Anangodikira mpaka zitadutsa, nafunafuna chinthu chimodzi. Chinatenga nthawi. Atatsegula maso anaona mapazi a Ezeliya, ofiira ndi fumbi la njira yonse yochokera ku esiteti, ndipo chapansipansi anati, "Ambuye, mayiyu ali moyo. Zikomo."

Chisoni sichinachoke. Chinangosuntha pang'ono, ngati munthu amene akupatsa mnzake malo pa benchi.

Anthu anayamba kulowa, awiriawiri, atatuatatu. Akwaya anakhala pamalo pawo n'kumayang'ana uku ndi uku. Zione anafika, nakhala pambali pa Ezeliya, wodabwa kumuona. Ezeliya anamufunsa monong'ona ngati a katekisiti abwere ndithu, chifukwa bambo ali apawa akuti munthuyo watopa.

Zione asanayankhe, a Hopeson anaimirira. Anadutsa mabenchi onse mpaka kutsogolo, natsegula Buku Loyera.

"A katekisiti athu," ananong'ona Zione, "ndi omwewo umacheza nawowo."