Maluwa a Patebulo la Akwati

"Ine maluwa apepala sindiwafuna pa ukwati wa mwana wa mchimwene wanga," anatero azakhali a mkwatibwi akulowa muholo. "Ndimawadziwira patali."

Mayi wokongoletsa holoyo anaponya maso pa maluwa a patebulo la akwati. Maluwa amene anaitanitsa anafika atafota ndi dzuwa, ndiye m'mawa wonse anakhalira kudula mapepala ofewa ofiira, kuwapinda ngati marozi n'kuwapopera perefyumu. Akanagwidwa, palibe akanamuitananso.

Azakhali anawerama n'kununkhiza duwa limodzi.

"Eyaa, awa ndiye maluwa! Chinthu chenicheni sichibisika."

Ukwati unayenda bwino, alendo mpaka kulimbirana pojambulira zithunzi. Koma polongedza katundu, wokongoletsayo anapeza kuti kambiya kagalasi ka patebulo la akwati kasowa ndi maluwa ake omwe. Anafunsa aliyense, onse anakana, azakhali ndiye mpaka kulumbira.

Kutacha, foni yake inalira. Anali azakhali, atapsa mtima.

"Inu, maluwa anu aja ngotani? Ndawathirira madzi kuti asafote, onse asungunuka!"

"Pepani kwambiri, mayi," anayankha mwaulemu. "Nanga kambiya kaja ndidzatenge nthawi yanji?"