Kugogoda Kawiri ku Galveston

Adadi ankabweza chambuyo galimoto yathu yogonamo padoko la Galveston, kuti titsike tikaone zombo zakale, pamene tinamva kugogoda kumbuyo. Go! Go!

Anaponda buleki mpaka makapu anagubuduka m'kabati.

"Loretta, watsika nthawi yanji?" anafunsa, maso ali pagalasi.

"Adadi, si ndili pompano ine?"

Tinatsika. Tayala lakumbuyo linangotsala chikhatho chimodzi kuti ligwere m'nyanja. Panalibe munthu.

Kwa zaka makumi atatu, amayi, a Darlene, ndiwo ankaima kumbuyoko n'kugogoda kawiri kuti adadi aime. Tinawaika m'manda mu Malichi.

Adadi anasisita chitsulo cha galimotoyo pang'onopang'ono.

"Ndamva, a Darlene," anatero. "Koma lero mwachedwa."