Imelo Yachitatu

Imelo yachitatu inalowa Mayi Zala akutaipira bambo wina kalata yofunsira ntchito ya ulonda. Inatulukira pakona ya sikirini, mutu wake uli womwewo wa masiku apitawo: "Za mlongo wanu. Chonde fulumirani."

Sanaitsegule. Anamaliza kalatayo, naipulinta, naipinda bwinobwino mu envulopu. Bamboyo atatuluka, mushopumo anatsalamo okha ndi makina ofotokopa omwe ankalira ngati adwala chifuwa.

Dzina loti Zala anawapatsa ndi makasitomala chifukwa cha liwiro lawo pa kiyibodi. Kale liwirolo linkawadyetsa bwino. Anali mlembi muofesi ya maloya, ali ndi tebulo lawolawo pafupi ndi zenera. Chinawachotsa kumeneko ndi imelo yonga yomweyi.

Mlongo wawo wamng'ono, yemwe kunyumba ankangomutchula kuti Mzime, anawoloka malire kukasaka ntchito zaka zisanu ndi ziwiri zapitazo. Chaka choyamba ankaimba foni. Kenako zii. Mayi Zala anaika chithunzi chake pa intaneti, pamodzi ndi dzina lake ndi adiresi yawo ya imelo, kupempha aliyense amene wamuona kuti awadziwitse. Anayankha ndi akathyali. Analemba kuti Mzime wapezeka, zithunzi zake zili m'fayilo. Mayi Zala anadina fayiloyo pakompyuta ya kuntchito. Pofika masana vairasi inali itatseka makompyuta onse a muofesimo, ndipo mafayilo a milandu ya anthu ya zaka khumi anasanduka zilembo zosawerengeka. Bwana sanakalipe. Anangowauza kuti asiye makiyi patebulo.

Chaka chotsatira amayi awo anamwalira, akufunsabe m'mawa uliwonse ngati Mzime waimba.

Kuyambira pamenepo Mayi Zala anasanduka mlaliki wa nkhani imeneyi. Aliyense wobwera kudzaona maimelo pamakompyuta awiri a mushopumo ankamva ulaliki womwewo. Adiresi simukuidziwa, osatsegula. Akukufulumizitsani, osatsegula. Ngati mtima wadumpha, ndiye chotsani dzanja pa mausi, chifukwa mbala zimenezi zimalowera pomwe pakupweteka. Ophunzira ankawaseka kumbali, koma makompyuta a mushopumo okha mumsewu monsemo ndi omwe anali asanadwalepo.

Ndiye maimelo atsopanowa sanawavute kuwazindikira. Adiresi yake inali zilembo ndi manambala osokonekera. Wolembayo ankati ndi namwino pachipatala china kutsidya kwa malire, koma mawu ake anali othyokathyoka, ooneka kuti amasuliridwa ndi makina. Ndipo iliyonse inali ndi kafayilo kolendewera kumunsi, ngati nyambo pa mbedza. Yoyamba anaifufuta. Yachiwiri anaifufutanso.

Yachitatuyi anaiwerenga, manja atapinda pachifuwa kuti chala chisawapusitse.

"Mlongo wanu wafooka kwambiri. Foni alibe. Adiresi iyi yokha akukumbukira. Mawu ake ndajambula, ali m'fayilo. Dinani mumve. Nthawi yochepa."

Kunja munthu ankakuwa malonda a mayunitsi. Anazindikira kuti mawu a Mzime anawaiwala. Ankakumbukira mpata wa m'mano ake ndi kayendedwe kake kokoka phazi, koma mawu ayi. Dzanja linatsika lokha n'kukagwira mausi. Kamuvi kanayenda pasikirini mpaka kukaima pa fayilo paja.

Kenako anaona chithunzithunzi cha nkhope yawo pagalasi la kompyuta, nkhope ya munthu wofuna kupusitsidwa kachiwiri, ndipo mkwiyo unawakwera. Anthu amenewa anawalanda ntchito. Anawachotsera ulemu. Lero abweranso kudzakolopa zotsala, ndi dzina lomwelo. Lamulo lawo linali loti akathyali sayankhidwa, koma tsikulo analiswa okha. Zala zinathamanga ngati kale.

"Ine ndilibe mlongo. Amene mukumunenayo kwa ine anafa kalekale. Musandivutitsenso."

Anatumiza, nabuloka adiresiyo, nafufuta zonse. Madzulo anauza mayi wogulitsa mabuku pashopu yoyandikana nayo kuti akathyali aja awakhaulitsa.

"Mwachita bwino, anzanga," anatero mayiyo. "Alibe chisoni anthu amenewa."

Imelo yachinayi sinabwere. Masiku anabwerera m'malo mwake: makalata ofunsira ntchito zomwe kulibe, ziphaso zofotokopa, magetsi kuzima, magetsi kuyaka.

Patatha masabata atatu, m'mawa wina munalowa bambo wamtali, maso ofiira ndi tulo ta pamsewu, atanyamula kachikwama kakuda kothothoka zipi. Anati ndi dalaivala wa mathiraki. Mayi Zala anatambasula dzanja kuti alandire laisensi yoti afotokope. Bamboyo sanapereke kanthu. Anavula chipewa.

"Ndinayamba ndafika kwa maloya kuja, ndi omwe andilozera kuno. Ndinu achemwali ake a Mzime?"

Mayi Zala anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kunsapato. Tsopano ayamba kubwera ndi miyendo, anatero mumtima.

"Mukufuna chiyani?"

"Palibe, mayi. Ndangobweretsa katundu wakeyu." Anaika kachikwamako pakauntala mofatsa, ngati muli mazira. "Tinkakhala nyumba imodzi kutsidyako. Tinamuika m'manda Lachinayi lapitalo. Ndinali pambali pa bedi lake tsiku lomwe yankho lanu linafika. Namwino anafuna kubisa, koma mwiniwake anakakamira kuti amuwerengere. Atamva anangoti, 'Achemwali sakulakwa,' n'kutembenukira kukhoma."